Malikisi a Malume

Malume anapeza 19 pa 50, ndipo malikisiwo ndinawapatsa ndine, mwana wa mlongo wawo. Ndinawerenga kawiri, kachitatu ndinachita kuloza ndi chala pakompyuta ngati mwana wa sukulu, koma 19 sanasunthe. Ndinanyamuka kukapanga tiyi amene sindinkamufuna n'komwe, pobwerera ndinapeza nambalayo ili pompo.

Ndifotokoze kaye ntchito yanga, chifukwa ngakhale mayi anga mpaka lero amauza anthu kuti ndimakonza makompyuta. Kampani yathu imayang'anira nyumba zosanjikizana khumi ndi ziwiri za anthu a lendi. Mpopi ukamadontha, chimbudzi chikatsekeka, giza akasiya kutenthetsa madzi, anthu amalemba uthenga pafoni. Kale mauthengawo ankayankhidwa ndi anthu atatu. Ndiye abwana anabweretsa pulogalamu ya zija zimayankha ngati munthu, kuti izilandira madandaulo n'kumachitapo kanthu yokha. Tinaitcha Kalaliki. Kalaliki alibe maso, alibe miyendo, sanapondepo m'nyumba ngakhale imodzi mwa khumi ndi ziwirizo. Chomwe ali nacho ndi zida: china chotumizira pulambala, china chotsekera madzi nyumba yonse, poti mavalavu athu akuluakulu ndi amagetsi, china chotsekera mbali imodzi yokha, china cholembera anthu chidziwitso, china chofunsira munthu zikamuvuta. Zonse pamodzi 23. Chida chilichonse chimakhala ndi mawu ochifotokoza, kuti chimachita chiyani, uchigwiritse ntchito liti, uchisiye liti. Kalaliki amawerenga mawuwo n'kusankha. Chimene sichinalembedwe, kwa iye kulibe.

Ine ndimayesa mawuwo ngati ali abwino. Ndimakonza madandaulo ongopeka 50, ndimawaponyera Kalaliki pakompyuta yoyeserera yomwe singatseke madzi a munthu aliyense, kenako ndimawerenga kuti wasankha bwino kangati. Akalakwa sindilimbana naye, ndimapita kwa amene analemba mawu. Muofesi amanditcha a Malikisi, ndipo musaganize kuti ndi dzina lachikondi.

Malume ndiye anakhala pulambala m'nyumba zomwezo zaka 34. Aliyense amawadziwa kuti a Sipanala. Bambo anga atamwalira ndi iwo ankandiperekeza kusukulu panjinga, nditakhala pakaliyala pamwamba pa bokosi la zida, moti mpaka pano ndikamva fungo la girizi ndimakumbukira yunifolomu. Chaka chatha mawondo anawakana. Adokotala anawauza mosapsatira kuti za masitepe aiwale. Ndine ndinapita kwa abwana, kulankhula mpaka kukamwa kuuma, kuti munthu wodziwa paipi iliyonse ali pompano, bwanji asalembe ndi iyeyo mawu ofotokoza zida za Kalaliki.

Abwana athu ndi mayi wosazungulira polankhula. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mawu awo akapeza 45 pofika kumapeto kwa mwezi, tigwiritsa ntchito amenewo. Akamaliza kulemba, ntchito yotsala ndi kuyankha Kalaliki akamafunsa. Ngati mafunsowo azidzaza tsiku, mpando ndi wawo."

Ine ndinamva theka loyamba lokha, ndinatuluka mano ali pamtunda. Malume anali ataima pakhomo chipewa chili m'manja, ndipo sanamwetulire.

Tsopano tamvani zimene analemba munthu wa zaka 34 pantchito. Chida chotsekera madzi nyumba yonse: "Chimatseka madzi." Chotsekera mbali imodzi: "Nachonso chimatseka madzi." Chotumizira pulambala: "Chimatumiza pulambala." Basi, mpaka zonse 23, tsamba limodzi osadzaza. Ndiye Kalaliki, pomuuza kuti mpopi wa kukhitchini ukudontha pa nambala 12, anatseka madzi a mabanja makumi anayi n'kulemba mwaulemu kuti vuto latha. Pomuuza kuti denga la bafa likunyowa, anatumiza munthu wa matailosi. Ndinaseka poyamba, kenako ndinakumbukira kuti analemba ndani, kuseka kunathera pomwepo.

Malume ndinawapeza patebulo lawo pakona, pafupi ndi makina ochulukitsira mapepala, akutayipa ndi zala ziwiri ngati akuopa kuti mabataniwo awaluma. Ndinawaonetsa zonse. Anawerenga modekha, milomo ikuyenda, kenako anati Kalaliki ameneyu ndi chitsiru. Ndinati ndi chitsiru inde, koma chitsiru chowerenga, ndipo chawerenga zimene mwalemba inu. Iwo anati akanafunsa. Anandiuza kuti anaphunzitsa anthu oposa makumi awiri ntchito imeneyi, ndipo sanauzepo aliyense chinthu asanafunse, chifukwa chomuuza munthu asanafunse chimalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Umaima pambali pake, umamusiya agwire valavu yolakwika, akati apotokole umamugwira dzanja. Chimenecho saiwala mpaka kufa. Ndipo tsiku limene wagwira ntchito yonse bwinobwino osafunsa kanthu, umamupatsa sipanala yakeyake, ndiye kuti waphunzira. Iwonso anaphunzira choncho. Anamaliza ndi kunena kuti safunsa anadya phula.

Ndinawayankha kuti Kalaliki phula amadya ndi mtima wonse, n'kuthokozanso, ndipo palibe amene adzaime pambali pake kumugwira dzanja. Ndinawasiyira chitsanzo cha kalembedwe kabwino, chokhala ndi mizere inayi. Anachipinda kanayi n'kuchiika m'thumba la malaya.

Sabata yotsatira anabweretsa zatsopano. Mawu anali omwe aja, kungoti pansi pa chida chilichonse anawonjezera mzere umodzi: "Ngati sukudziwa, funsa." Koma ndiye Kalaliki anafunsa! Pa madandaulo 50 anathamangira kwa munthu maulendo 41. Mpaka wina wongofuna kudziwa tsiku lotaya zinyalala, Kalaliki anakagogoda kwa munthu. Malikisi anatsika kufika pa 9. Ine mutu unkandiwawa, koma Malume anali osangalala kuposa tsiku lililonse chilowereni muofesimo, ankachita kuimba kanyimbo chapansipansi, akuti mwanayu wayamba ulemu. Abwana ataona anangoti ngati n'choncho bola abweze anthu atatu aja, nkhani inathera pomwepo.

Apa m'pamene a Magalasi analowererapo. A Magalasi ndi amene anapanga zidazo, munthu wabwino, wosalankhulalankhula, amadya nkhomaliro maso ali pakompyuta. Anangouza kompyuta kuti iwerenge mmene zidazo zinapangidwira n'kulemba yokha mawu ozifotokoza. Ketulo isanawire zinali zitatuluka, zoyera, zadongosolo, chida chilichonse ndi mizere yake inayi ngati chitsanzo changa chija. Ndinaziyesa. Zinapeza 46. A Magalasi sananyade, anangondiyang'ana mopepesa n'kubwerera pamalo pawo.

Lamulungu ndinapita kwa mayi. Nkhani inali itafika kale, kaya inadzera kuti. Anandisiya ndidye kaye, ndiwo nzeru zawo, kenako anandifunsa ngati malikisi anga ndimalemba ndi pensulo kapena bolopeni. Ndinati ndi kompyuta. Anati ndiye bwino, kompyuta sisiya chipsera ukafufuta. Ndinawauza kuti sindingachite zimenezo. Anati iwo sananene kanthu, angondikumbutsa kuti chibale ndi fupa, komanso kuti achimwene awo akakhala pakhomo opanda chochita sachedwa kudwala, anawaona chaka chatha mawondo atangoyamba. Ndinatsuka mbale mokwiya mpaka kapu imodzi inathyoka chogwirira. Ndinali ndi mantha, ndinene zoona. Ndine ndinawabweretsa Malume muofesimo, ndipo zinkaoneka kuti ndinenso ndiwatulutse.

Lachitatu kunabwera foni kuchokera kunyumba nambala 7. Mapulambala awiri atsopano anali atasokonezeka ndi mapaipi a pansi, madzi akuyenda m'khonde. Anapempha a Sipanala. Poti basi ikanawavuta, ndinatenga galimoto ya kampani n'kuwaperekeza. Chipinda cha mapampu chili pansi, masitepe khumi ndi limodzi. Malume anatsika chambuyo, manja onse pachitsulo chogwirira, sitepe iliyonse ndi kubuula kwake, ine ndili m'munsi manja ali m'mwamba ngati ndingawawakhe. Atafika anangoyang'ana kamodzi, analoza paipi ina kuseri kwa thanki, ntchito inatha mphindi khumi zisanakwane.

Ine ndinali ndisanalowemo m'chipinda cha mapampu chiyambireni ntchito. Pamene iwo ankalankhula ndi mapulambala aja, ndinayatsa tochi ya pafoni kuti ndione pomwe ndikuponda, kuwala kunagwera pakhoma. Khoma lonse linali lolembedwa ndi pensulo. Zilembo zazikuluzikulu, zopendekera kumanja, zomwe ndinkazidziwa kuyambira pa makalata opita kwa aphunzitsi anga. Pambali pa valavu yaikulu panali mawu akuti: "Ukadontha mpopi umodzi usakhudze iyi. Kwera ukatseke kampopi ka pansi pa sinki. Mabanja 40 asagone osasamba chifukwa cha mpopi umodzi." Pa ina: "Iyi imatseka mbali ya kumsewu yokha. Usanaitsegulenso tsegula mpopi wa panja mpweya utuluke, apo ayi uphulitsa paipi ya nambala 2." Zina zinali zofufutidwa n'kulembedwanso, tsiku lili pambali.

Pa valavu nambala 4 anachita kuzunguliza mzere kawiri. Ndinawerenga mpaka ndinaloweza: "Osatseka Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka kuyambira 6 mpaka 11 koloko m'mawa. Pa nambala 31 pali bambo wodwala impso, amakhala pa makina otsuka magazi, makinawo amamwa madzi a paipi iyi. Ngati kwasefukira kwambiri, imbira kaye mkazi wake, nambala ndi iyi, akuuza mphindi zimene akufuna kuti amuchotse bwinobwino. Usachite mantha kuimba, ndi mayi womva zinthu."

Ndakhala ndikuwerenga mawu ofotokoza zida kwa zaka zitatu, a anthu a madigiri awiriawiri, koma abwino chonchi ndinali ndisanawaonepo. Chochita, nthawi yake, nthawi yosachita, chifukwa chake, ndiponso chochita zikavuta, zonse m'mizere isanu pakhoma lachinyezi. Ndinafunsa mmodzi wa mapulambala aja ngati nyumba zina zilinso choncho. Anati zonse, kungoti lero tochi yawo inathera moto, ndiye sanathe kuwerenga.

Lachinayi ndinazungulira nyumba zonse khumi ndi ziwiri ndikujambula makoma. Lachisanu ndinakonza madandaulo atsopano 50, ochokera m'zimene ndinaona, n'kuyesanso mawu a kompyuta a a Magalasi aja. Anapeza 28. Dandaulo nambala 17 linali lakuti paipi yaphulika m'khonde la nyumba nambala 7, Lachiwiri 8 koloko m'mawa. Kalaliki anatseka valavu nambala 4 nthawi yomweyo, n'kulembera anthu onse uthenga wokoma wopepesa chifukwa cha vutolo.

Manyazi anandigwira. Cholakwa chinali changa. Madandaulo anga oyamba aja ndinawapeka nditakhala pampando, ndikuyang'ana mndandanda wa zida womwewo umene kompyuta inawerenga polemba mawu ake. Ndinkafunsa mafunso amene mayankho ake anali kale papepala. Bambo wa pa nambala 31 sanalimo m'mayeso anga chifukwa sanali papepala lililonse muofesi mwathu, anali pakhoma basi. Ndikanasainira 46 ija ndi mtima woyera, n'kupita kwathu kukagona tulo.

A Magalasi ataona nambala 17 anasiya nkhomaliro yawo osaimaliza. Abwana anati tingokopera za pamakoma n'kumupatsa Kalaliki. Ndinawauza kuti ndayesa, koma makomawo amangonena za mavalavu, zida zina zonse zilibe khoma, zili m'mutu mwa munthu mmodzi. Anati ndiye munthuyo alembe, chifukwa pa 1 Kalaliki ayamba ntchito zivute zitani, anthu atatu aja anawasamutsira kale kwina. Ayamba ndi mawu amene adzakhale bwino kuposa anzake tsiku limenelo.

Lolemba masana ndinawapeza Malume kuseri kwa ofesi, pabenchi la pafupi ndi mosungira zida, akupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Ndinakhala pansi n'kuwaonetsa zithunzi. Ndinali nditapsa mtima ndithu, ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji munthu kulemba chonchi pakhoma, koma akakhala patebulo n'kumandilembera kuti chimatseka madzi. Anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali. Anati pakhoma umalembera munthu amene adzabwere yekha, iwe kulibe, mwina uli kumaliro, mwina maliro ake ndi ako omwe. Ameneyo sangakufunse, ndiye umamuuza zonse. Koma wophunzira amene uli naye pafupi sumulembera.

Ndinati, "Malume, Kalaliki ndi munthu wobwera yekha uja. Tsiku lililonse amabwera yekha."

"Ndikudziwa," anatero.

"Nanga bwanji?"

Anaika sipanala pabondo. "Iwe mwanawe, abwana ako ananena zinthu ziwiri tsiku lija. Ndikalemba zonse za m'mutu mwangamu, iyeyo azifunsa chiyani? Lolemba linalo ndidzabwera kudzatani?"

Sabata zitatu zonse ndinkaganiza kuti Malume sakumvetsa ntchito, pamene wosamvetsa ndinali ine. Ndinafuna kuwauza kuti abwana awasunga basi, kuti zinthu ziyenda, koma munthu amene anandiphunzitsa kuwerenga mita ya madzi sindikanamunamiza. Ndinangowauza zoona zake: kuti pa 1 Kalaliki ayamba ntchito ndi mawu awo kapena ndi a kompyuta, ndipo a kompyutawo ndawayesa. Ndinawapatsa foni awerenge okha nambala 17.

Anawerenga, milomo ikuyenda. Atafika pa uthenga wopepesa uja anatseka maso. Anandiuza kuti bambo wa pa 31 anali dalaivala wa mabasi, ndipo paipi yopita ku makinawo anailumikiza ndi Malumewo, mkazi wa bamboyo atawagwirira tochi. Akuti mayiyo amawasungira mabotolo opanda kanthu chifukwa anamva kuti amadzalamo maluwa. Kenako anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa chitsanzo changa chopinda kanayi chija n'kundibwezera, anatulutsanso pensulo yawo yaphanthi, ya akalipentala, yosongoledwa ndi mpeni. Anati pakompyuta mawu sabwera. Ndiwapezere mapepala aakulu, ndiwamate pakhoma.

Tinamata mapepala khoma lonse la m'chipinda chochitira misonkhano. Kuyambira Lolemba masana mpaka Lachinayi Malume analemba ataimirira, mawondo akatopa ankakhala pampando wamateyala n'kumadzikankha. Ine ndinkatayipa pambuyo pawo. A Magalasi ankabweretsa tiyi osatumidwa. Ndinaphunzira zinthu zimene sindinkadziwa kuti zilipo zoti munthu n'kudziwa: kuti denga la bafa likanyowa uyambe wafunsa a pamwamba ngati asamba kumene, kuti munthu akalemba kuti giza akununkha ngati waya wopsa usatumize pulambala, uzimitse magetsi a giza ndi kutumiza wamagetsi, kuti kunyumba nambala 3 pansi pali sukulu ya mkaka, chidziwitso chotseka madzi chizipita dzulo lake kuti atungiretu. Pena ndinkawadula kuti mzere uwu watalika, Kalaliki asochera. Ankang'ung'udza kuti ndakhala mphunzitsi wankhanza, koma ankafufuta ndi chala chonyowetsa n'kulembanso. Tinakangana theka la ola pa mawu a chida cha zimbudzi, ndipo anapambana ndi iwo.

Chomaliza chinali chida chofunsira munthu. Anachisiyira dala kumapeto. Lachinayi masana anaima patsogolo pa pepala loyera, pensulo ili kukhutu, kenako analemba osaima: "Chida ichi chimaimbira munthu wodziwa nyumbazi. Chigwiritse ntchito ngati moyo wa munthu uli pangozi ndipo zolembedwazi sizikukuuza chochita, kapena ngati zolembedwa ziwiri zikutsutsana. Usafunse zimene zalembedwa kale. Pamene ukudikira yankho madzi amakhala akuyenda m'nyumba mwa munthu."

Apa ndiye ine, a Malikisi, amene ndinathyola kapu ya mayi pokana kufufuta nambala, ndinatseka chitseko n'kuyamba kuwanyengerera. Ndinati tiwonjezere pang'ono chabe, kuti azifunsanso akakayika, kuti azifunsa asanatseke valavu iliyonse. Ndinali nditawerengera kale m'mutu: akanafunsa mwina maulendo khumi pa 50, malikisi akanatsika pang'ono koma 45 ikanakwana, ndipo abwana akanaona kuti mpando ukufunika. Palibe akanadziwa, poti woyesa ndine. Ndinalankhula mofulumira.

Malume anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikabwera ndi chenje choperewera ndili mwana. Anandifunsa kuti foniyo ikalira iwo ali m'bafa, kapena ali pamzere kuchipatala, madzi akudzaza m'nyumba ya munthu, Kalaliki n'kumadikira yankho la chinthu chimene akanatha kungowerenga, ndidzati mawuwo ndi abwino? Ndinati ayi. Anati ndiye nditayipe zimene zili pakhomapo. Ndinatayipa ndikulira, zilembo zina ndinachita kubwereza.

Lachisanu m'mawa ndinayesa, pa madandaulo ovuta aja. Anapeza 48. Pa nambala 17 Kalaliki sanakhudze valavu nambala 4, anaimbira mkazi wa bambo uja n'kutumiza pulambala ndi pampu yopopera madzi a m'khonde. Pa madandaulo onse 50 anafunsa munthu kamodzi kokha. M'lipoti langa ndinalemba manambala onse awiri, 48 ndi 1, moyandikana monga mwa nthawi zonse. Ndinawonjezera kuti anthu amasamuka, ena amadwala, ena amabadwa, choncho mawuwo adzafunika kuwakonzanso. Abwana anawerenga zonse, anati ndi zoona, mapulambala oyenda m'nyumbamo azibweretsa zosinthazo mwezi ndi mwezi. Anaitana Malume, anaimirira powapatsa moni, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu. Anawauza kuti ntchito yabwino chonchi sanaionepo. Kenako ananena zinazo, mosazungulira monga mwa khalidwe lawo: funso limodzi pa 50 silingadzaze tsiku, Kalaliki akafuna munthu aziwaimbira foni kunyumba. Malume anati amvetsa, ndipo anathokoza.

Tinawatsanzika ndi keke ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Mapulambala anabwera ambiri, ena imvi zili mbuu, aliyense anatulutsa m'thumba sipanala imene anapatsidwa n'kuikweza m'mwamba. Mayi sanandilankhule sabata ziwiri.

Mwezi wotsatira zinachitikadi. Linali Loweruka, cha m'ma 7 koloko m'mawa, paipi inaphulika kunyumba nambala 7, osati yongopeka ayi, yeniyeni, madzi mpaka m'masitepe. Ine ndinaziona Lolemba powerenga zimene Kalaliki wachita kumapeto kwa sabata. Nditaweruka ndinapita kwa Malume. Ndinawapeza pakhonde, miyendo ili pampando wina, mabotolo a maluwa ali mndandanda m'mphepete mwa khoma. Foni inali pamwendo.

Ndinawawerengera zonse. Kalaliki anaimbira mkazi wa bambo wa pa 31. Mayiyo anapempha mphindi makumi awiri. Kalaliki anadikira mphindi makumi awiri, uku akulembera a m'munsi kuti anyamule katundu pansi chifukwa pamwamba pali munthu pa makina, kenako anatseka valavu nambala 4. Asanaitsegulenso anauza pulambala atsegule mpopi wa panja mpweya utuluke. Mayi uja analemba uthenga wothokoza, ndipo kumapeto kwake anafunsa ngati a Sipanala akufunabe mabotolo.

Malume anamvetsera akugwedeza mutu pa chilichonse, ngati akuchonga. Nditamaliza anafunsa kuti, "Anafunsa?"

"Ayi, Malume."

"Olo kamodzi?"

"Olo kamodzi."

Kenako anandituma ndikatenge bokosi lawo la zida pansi pa bedi, lomwe lija ndinkakhalira pakaliyala. Anafufuzamo, anatulutsa sipanala yapakatikati, anaipukuta ndi malaya mbali zonse ziwiri n'kundipatsa.

"Ukamupatse," anatero. "Ndikudziwa alibe manja. Ukangoiika pamwamba pa kompyutapo."

Ndinailandira ndi manja awiri. Pamene ndinkaiika m'chikwama ndinawaona akutembenuza foni ija, anaiyatsa kuti aone ngati ili ndi moto wokwanira, n'kuibwezera pamwendo.